Za intaneti ndi njanji ya pa Kabwe

Anzanga a pa Kabwe, likulu la Zambia Railways lili konkuno, ndiye za intaneti zisamativute kumva. Njanji sifunsa zimene zili m'bogi. Kaya ndi mkuwa, kaya ndi feteleza, yake ndi kunyamula basi.

Intaneti anaiyalanso choncho, m'magawo osanjikizana. Mukatumiza chithunzi, pulogalamu ya m'foni imachipereka ku gawo lotchedwa TCP. Iyeyu amachiduladula m'timaphukusi n'kutipatsa manambala, ndipo kena kakasowa panjira amakatumizanso. Pansi pa TCP pali IP: ntchito yake ndi kumata adiresi, salonjeza n'komwe kuti katundu afika. Pansi penipeni ndi pamene pali chonyamulira: mafunde a 4G, Wi-Fi kapena chingwe cha fibre. Gawo lililonse limangokhulupirira la pansi pake, osalowerera ntchito ya mnzake.

Nzeru imeneyi ine imandigometsa. Vint Cerf ndi Bob Kahn anafalitsa ganizo la TCP mu 1974, ndipo netiweki ya ARPANET inayamba kuyendera TCP/IP pa 1 January 1983. Pamene kampani ya ZAMNET inkatsegula intaneti m'Zambia mu 1994, anthu ankalumikizana kudzera pa lamya ya m'nyumba. Lero chonyamulira chasinthiratu, koma IP akadali pantchito. Magawo 7 a OSI amene ophunzira zamakompyuta amaloweza aja ndi a m'mabuku kwambiri, TCP/IP imayenda ndi 4 okha.

Tsono foni ikamaonetsa timizere tonse koma uthenga osapita, musavutike n'kukwera pachulu. Gawo la mafunde lili bwino, yambani mwaona ngati bandulo ikadalipo.