Kasipika kolankhula m'nyumba ya lendi ku Mtendere

Loweruka

Katundu wa alongo anga wafika ku Intercity pa basi ya ku Johannesburg: mabulangete a amayi ku Katete, nsapato za sukulu za mwana wawo wamkazi amene ndimakhala naye, ndi kabokosi kanga. M'kabokosimo muli Echo Dot, mtundu umene Amazon inatulutsa mu 2018. Anagula kwa munthu amene anakagwiritsapo kale ntchito. Ndi kakuda, kozungulira, kophwatalala ngati chitumbuwa chimene wina wakhalira. Pamwamba pali mabatani anayi: awiri okweza ndi kutsitsa mawu, limodzi la kadontho, lina la kabwalo kodulidwa ndi mzere.

Pa foni alongo anati: "Iwe manja ako amakhala pa makina osokera tsiku lonse. Uzingokauza pakamwa, kazikuimbira nyimbo, kazikuuza nthawi."

Anaiwala kundiuza kuti kalibe batire. Pulagi yake ndi ya timano tiwiri topyapyala, pamene masoketi athu amafuna mano atatu. Ndagula adaputa pa kantemba. Mwana wawerenga timalemba ta pa chaja, wapeza 100 mpaka 240V, wati sikapsa ndi magetsi athu a 230V. Tabwera kudzalumikiza, malaiti apita. Kuyambira chilala cha 2024, chimene a Pulezidenti Hakainde Hichilema anachitcha tsoka la dziko mu Febuluwale chaka chomwecho, madzi atachepa ku Kariba, tinazolowera. Chakumapeto kwa chakacho tinkakhala maola mpaka 21 pa tsiku mumdima. Kasipika kagona pa tebulo pafupi ndi mbaula.

Lamlungu

Magetsi anabwera pakati pa usiku, ndipo tonse awiri tinadzuka: ine kusita madiresi a kasitomala, mwana kulimbana ndi kasipika. Choyamba kunali kukaiwalitsa mwini wake wakale. Umadina batani la kadontho osasiya, masekondi oposa 20, mpaka mkombero wa kuwala uzime ndi kuyakanso. Ukasanduka wa olenji ndiye kuti kakudikira mwini watsopano.

Kenako pulogalamu ya Alexa pa foni, akaunti ya Amazon, imelo, pasiwedi. Wi-Fi ya m'nyumba tilibe. Foni yanga inali ndi pulogalamu, ya mwana inapereka hotspot, ndipo zinagwirizana. Pulogalamu inafunsa adiresi. Kuno munthu umamulondolera kuti utsike basi pakuti, udutse pampopi, ukhote pa geti ya buluu. M'kabokosi ka pa foni simungalowe zimenezo. Tinangolemba Lusaka, tinasankha nthawi ya kuno ndi kuyeza kutentha mu Celsius.

Pa zilankhulo pali Chingerezi cha ku America, cha ku Britain, cha ku India, cha ku Australia. Pali Chifalansa, Chijeremani, Chihindi, Chiarabu. Chinyanja mulibe, Chibemba mulibe, ngakhale Chiswahili chimene chili ndi anthu ochuluka chotere. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa cholembedwa mu 2014, koma kumva munthu akulankhula ndi ntchito ina. Tinasankha cha ku Britain poganiza kuti ndicho chapafupi ndi cha kusukulu.

Panabwera funso lakuti ndilole pulogalamu ione manambala onse a m'foni mwanga, kuti kasipika kazitha kuimbira anthu. Mwana chala chinali kale pa batani lovomera.

"Dikira," ndinatero.

"Anti, aliyense amangovomera."

M'foni mwanga muli makasitomala, amayi a Chigwirizano a kumpingo kwathu, anzanga a chilimba, ndi anthu amene ndinawasunga ndi mayina oti atawaona sitingalankhulanenso. Palibe amene anandipatsa nambala yake kuti ndiitumize kutsidya la nyanja. Tinakana, ndipo zonse zinapitirira bwinobwino popanda zimenezo.

Lachiwiri

Kamandimva ndikalankhula pang'onopang'ono, ngati ndikuwerenga m'kalasi. Mwana kamamumva msanga. Chimene ndakonda ndi kuika nthawi: ndikanyika nsalu, ndikatereka nyemba, ndimakauza kandikumbutse. Kamawerengeranso mainchesi kukhala masentimita manja anga ali pa tepi ndi choko.

Nyimbo ndiye ayi. Chilichonse chimene ungakauze kuti kaimbe chimadutsa pa intaneti. Mwana wandiwerengera kuti wailesi ya pa intaneti ya 128 kbps imadya pafupifupi 58 MB pa ola. Tsiku la ntchito lonse ndi theka la gigabaiti, pamene kawailesi kanga ka mabatire kamagwira Komboni Radio ndi ZNBC Radio 1 kwaulere, magetsi alipo kapena palibe. Bandulo ndi ya WhatsApp ya makasitomala. Kawailesi kabwerera pa windo.

Ana a pa yadi yonse adziwa. Akaweruka kusukulu amadzaza pakhomo kukafunsa likulu la Brazil, kulira kwa mkango, ndi amene ali wamkulu pakati pa Messi ndi Ronaldo.

Lachinayi

Madzulo eni nyumba anagogoda. Ndi bambo wachikulire, anapuma ntchito m'boma, ndipo nyuzipepala saiphonya. Anakana mpando.

"Mayi, ndamva kuti mwabweretsa chinthu chomvera anthu. N'cha boma?"

"Iyayi bambo, n'cha alongo anga. Chimangoyankha mafunso."

"Chimayankha bwanji chisanamve?"

Funso lawo linali ndi pochokera. Mu Epulo 2025, malamulo atsopano awiri anasainidwa, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, kulowa m'malo mwa lamulo la 2021. Ofesi ya kazembe wa America ku Lusaka inachenjeza nzika zake kuti malamulowa amalola kumvetsera mauthenga a pa foni ndi pa intaneti. Boma linayankha kuti zimenezo zimafuna chilolezo cha khoti. M'maminibasi nkhaniyi inavuta, ndipo popeza simu iliyonse inalembetsedwa ndi chitupa cha NRC monga amafunira a ZICTA, anthu ambiri anayamba kutsitsa mawu pa foni.

Ndinawafotokozera monga ndawerengera. Mamaikolofoni ake amakhala otseguka nthawi zonse, koma kamangodikira dzina lake, Alexa, ndipo zina zonse kamazitaya komweko. Kakamva dzinalo mkombero umayaka buluu, n'kuyamba kutumiza mawu ku makompyuta a kampani kunja kwa dziko. Yankho limapangidwa kumeneko. Kasipika pakokha n'kopanda nzeru. Intaneti ikaduka sikangakuuze ngakhale za nyengo.

"Nanga kakamva molakwa, n'kuganiza kuti mwakaitana?"

Apa sindikanawanamiza. Zinachitikapo. Mu 2018 ku Portland, ku America, kasipika kotere kanajambula macheza a mwamuna ndi mkazi wake n'kuwatumiza kwa munthu wina wa m'manambala awo. Kampani inafotokoza kuti kanamva mawu ofanana ndi dzina lake, kenako ena ofanana ndi lamulo lotumiza uthenga. Bambo aja anayang'ana khoma lolekanitsa chipinda changa ndi cha oyandikana nawo, limene silifika n'kumalata komwe. Ndinakachotsa pa shelefu ya khomalo iwo akuona, n'kukaika pa tebulo losokera. Ndinadinanso batani la kabwalo kodulidwa, mkombero unafiira. Kampani imati batani limeneli limadula magetsi opita ku mamaikolofoni. Anaitana okha dzina lake kawiri, mokweza. Zii. Anapita, koma osakhutira kwenikweni.

Loweruka

Lero ndatsegula malo amene pulogalamu imawatcha Alexa Privacy, n'kulowa pa Review Voice History. Ndimayembekeza mndandanda wa malemba. Ndapeza mawu enieni. Funso lililonse lili ndi tsiku lake ndi ola lake, ndipo ukadina umamva munthuyo, mpweya wake, ngakhale phokoso la kumbuyo: makina anga, tambala wa eni nyumba, wina akutunga madzi pampopi.

Poyamba ndinaseka. Mawu anga akumveka ngati a mphunzitsi wokwiya. Ana akulimbirana, wina akukuwa kuti ndi nthawi yake. Kenako ndinafika pa Lachitatu masana, nthawi imene ndinali ku Kamwala kogula nsalu. Mwana wa alongo anga, motsitsa mawu, akufunsa m'Chingerezi mmene angauzire anti ake kuti walephera mayeso a masamu. Sanandiuzebe mpaka lero.

Pansi pake panali lina. Ndinasiyira kiyi mayi wina wa pa yadi pano kuti atchaje foni magetsi akabwera. Anafunsa funso la matenda ndi mankhwala. Sindilemba pano. Anafunsa kawiri, kachiwiri pang'onopang'ono kuti kamumve. Iye anaona chinthu chopanda maso, chosadziwa dzina lake, m'chipinda chopanda munthu, n'kuganiza kuti apa ndiye pofunsira. Sanadziwe kuti mawu akewo akagwera m'foni ya mnzake amene amachapa naye pampopi m'mawa uliwonse.

Sabata yonse ndimada nkhawa ndi azungu a kutali ndi boma. Koma amene wamva chinsinsi cha mayiyu si wa ku Seattle, kumene kuli likulu la Amazon. Ndine. Wa kutaliyo atamva, sangadziwe kuti ndi ndani. Ine ndikudziwa mawu ake, mwamuna wake, ndi mpingo wake.

M'komboni kumva za anzako si chachilendo. Makoma ndi opyapyala, zimbudzi n'zogawana, ndewu ya usiku imadziwika ndi yadi yonse kusanache. Koma tili ndi mwambo wake: umamva n'kukhala ngati sunamve, ndipo pakapita nthawi mawu enieniwo amazilala, aliyense amakumbukira zake. Apa palibe kuzilala. Ukhoza kubwereza mawa, kapena kumvetsa wina. Nditakhala munthu wa miseche, kapena foni itabedwa pa City Market ili yosakiya, mayiyu akanayenda bwanji pa yadi pano?

Ndafufuta mafunso awiriwo pomwepo.

Lamlungu

Titabwera kutchalitchi ndinakhala pansi ndi mwana kuti tikonze zonse. Za masamu sindinatchule. Ndinangomuonetsa mndandanda uja, n'kumumvetsa mawu anga ndi a ana. Anakhala chete, n'kufunsa kuti: "Anti, zonse zimalowa umu?" Ndinati zonse. Sanafunsenso.

Pa Manage Your Alexa Data pali posankha nthawi yosunga mawu: mpaka utafufuta wekha, miyezi 18, miyezi 3, kapena osasunga konse. Tasankha osasunga. Mtengo wake ndi wakuti sikazindikiranso kuti akulankhula ndi ndani, zimene kwa ine zilibe ntchito. Malemba a mafunso amatsalabe masiku 30 asanafufutike, choncho mwayi woti ndione za ena sunatheretu. Tayatsa kufufuta ndi pakamwa, kuti munthu akafunsa chinthu azitha kukauza kuti kafufute zimene wangonena kapena zonse za tsikulo.

Pali posankha pena polola kuti mawu athu azithandiza kukonza Alexa. Kuseri kwa mawu okomawo kuli anthu. Mu Epulo 2019 atolankhani a Bloomberg anaulula kuti Amazon inali ndi antchito masauzande, ena ku Boston, ena ku Costa Rica, India ndi Romania, omvetsera zina mwa zojambulidwa n'kumazilemba. Tazimitsa. Tazimitsanso kugula ndi pakamwa, ndi Drop In, imene imalola munthu wololedwa kulowa pa kasipika n'kumva za m'chipinda popanda wina kuyankha. Alongo anga atadziwa za imeneyi akanaifuna, kuti azimva ngati mwana akuwerenga. Sindiwauza.

Za ana a pa yadi zandikhala pamtima nditawerenga kuti mu 2023 Amazon inavomera kulipira madola 25 miliyoni ku America pa mlandu wosunga mawu a ana nthawi yaitali, ngakhale makolo ena atapempha kuti afufutidwe. Kumeneko kuli bungwe la boma, FTC, limene linawatengera kukhoti. Ife tili ndi Data Protection Act ya 2021, imene imapatsa munthu ufulu woona zimene ena asunga za iye ndi kupempha kuti zifufutidwe. Pa pepala ndi lamulo labwino. Koma telala wa ku Mtendere kukokana ndi kampani ya ku America, ndi bwino kungotseka pakhomo pomwe. Komanso kuyambira pa 28 Malichi 2025 kampaniyi inachotsa mwayi umene zipangizo zake zina zinali nawo wosatumiza mawu kunja. Kanga kanalibe mwayiwo n'kale. Chilichonse chonenedwa mkombero uli buluu chimatuluka m'dziko.

Ana ndawauza kuti azifunsa ine ndilipo, ndipo asamatchule mayina awo kapena sukulu yawo. Ndikamachoka ndimazula pulagi n'kuika kasipika m'kabati. Mayi uja ndamuuza pampopi, monga ndauzira ena onse, kuti chinthuchi chimasunga zimene munthu wafunsa ndipo ndafufuta zonse. Anapitiriza kuchapa. Ngati wamvetsa kuti ndinamva, sanaonetse, nanenso sindinaonetse.

Lachisanu, kutha kwa mwezi

Chilimba chinali kwanga. Amayi atakhala pa mkeka, amene amasunga buku analoza pa tebulo.

"Chija chomvera anthu n'chimenechi? Chotsani, apa tikamba za ndalama."

Ndinawaonetsa mkombero wofiira, ndinafotokoza za batani. Anati ofiira kapena obiriwira, iwo akufuna kuona pulagi ili pansi. Sindinatsutse, nyumba ndi yanga koma ndalama ndi mawu n'zawo. Ndinazula.

Tili pakati powerenga, mwana amene amatithirira tiyi anati: "Koma amayi, mafoni anuwo nawonso ali ndi maikolofoni." Onse anagwira m'zitenje. Anatenga foni ya amene amasunga buku, analowa pa zilolezo za mapulogalamu, n'kuwaonetsa amene analoledwa kugwiritsa ntchito maikolofoni ndi kuona manambala. Pakati pawo panali pulogalamu ya ngongole za pa foni imene anaiika chaka chatha n'kuiwala, ili ndi chilolezo choona manambala onse, athu omwe. Mayiwo anakuwa kuti aichotse msanga. Ena anapanga mzere, aliyense foni m'manja, ndipo ndalama tinamaliza kuwerenga ndi tochi chifukwa magetsi anali atapita kale. Amene amalandira mwezi uno anachita kuperekezedwa mpaka pa siteshoni ya basi.