Phindu la wogula ndi la kalipentala pa malonda a chitseko

Pa malonda aliwonse pamakhala mitengo iwiri yosatchulidwa. Wogula amakhala ndi malire a ndalama zimene angapereke, mmisiri nayenso amadziwa pamene sangatsikenso. Ndalama imene wogula watsala nayo pa zimene analolera kupereka ndiyo akatswiri a zachuma amati phindu la wogula, ndipo imene mmisiri walandira pamwamba pa mtengo wake wotsikitsitsa ndiyo phindu la wopanga katundu. Injiniya wa ku France, Jules Dupuit, anafotokoza za phindu la wogula mu 1844 pofufuza ubwino wa misewu ndi milatho, kenako Alfred Marshall wa ku England anafalitsa mfundoyi m'buku lake la mu 1890.

Kalipentala asanayambe kupala thabwa amawerengera matabwa, misomali, guluu, sandipepa, vanishi, ndalama yonyamulitsira matabwawo, komanso masiku amene akanagwira ntchito ina. Tiyerekeze kuti pa chitseko cha paini zonsezi zakwana K60,000. Womanga nyumba wafolera kale malata ndipo sangagone potseguka, motero mumtima walolera kufika K90,000. Iye amagogoda chitseko, kusisita mfundo za thabwa, kusuzumira molumikizira, n'kufunsa kuti, "Chomaliza zingati, amisiri?" Akamvana pa K70,000, wogula wapindula K20,000, kalipentala K10,000. Kunenerera konseko kunali kugawana K30,000 ya pakati pa K60,000 ndi K90,000. Mtengo ukakwera kapena kutsika, chosintha n'chakuti wotenga zambiri ndani.

Kumene akalipentala andanda m'mbali mwa msewu, mtengo umakhala pafupifupi umodzi. Apo kalipentala wopindula kwambiri ndi amene amagula matabwa motchipa, amayeza bwino asanacheke, ndipo zidutswa amapangira timipando. Kwa ogula, wopindula kwambiri ndi amene chitseko akuchifunitsitsa, chifukwa akulipira mofanana ndi amene sanali pa changu. Komabe phindu la kalipentalali si ndalama yoti adye yonse: lendi ya shedi ndi zogulira sowo ndi nyundo zimachoka momwemo.

Matabwa akakwera mtengo, monga zimachitikira mitengo ikamachepa m'nkhalango ya Chikangawa, mpata wa pakati pa mitengo iwiri ija umachepa. Msonkho nawonso umachepetsa mpatawo, ngakhale gawo limene watenga limapita ku boma. Zofunika pa chitseko chimodzi zikafika K95,000, malonda amafa. Womanga nyumba amatseka pakhomo ndi lata, kalipentala amaswera kunola zida, ndipo K30,000 ija sipita m'thumba la wina aliyense. N'chifukwa chake akatswiri poyeza ubwino wa msika amawonkhetsa phindu la mbali zonse ziwiri, n'kuwerengeranso malonda amene alephereka.