Amene Amagwa M'malo mwa Ena

Mkono wamanzere wa mng'ono wanga suwongoka bwinobwino mpaka lero, ndipo wolakwa ndine.

Tsiku limenelo tinali titachokera ku vidiyo sho, kuja tinkapanikizana pa mabenchi mumdima, komwe tinaonera Project A ya Jackie Chan. Mufilimu ya 1983 imeneyi, Jackie amalendewera pa muvi wa wotchi pamwamba pa nsanja, kenako n'kugwa, kudutsa pa matenti awiri ansalu, mpaka pansi phii! Titafika kunyumba ndinati tipange yathu. Ine ndinali dayirekita, kamera yanga inali katoni ya sopo. Iye ndinamukweza mumtengo wa mango, pansi n'kuyalapo masaka awiri a udzu.

"Iwe dumpha, usaope," ndinatero. Anadumphadi. Masakawo anawaphonya.

Vuto lathu linali lakuti mayina akangoyamba kukwera pa sikirini, ife tinkathamangira panja kukamenyana makarate. Koma kumapeto kumeneko ndi kumene mafilimu a Jackie amaonetsa zomwe zinalakwika pojambula. Pa Armour of God ya 1986, nthambi inamuthyokera, anamenyetsa mutu pamwala, chigaza chinasweka, mpaka anamuchita opaleshoni. Uyu ndi katswiri, wokhala ndi gulu lonse lomuyang'anira.

Ndinakula ndikuganiza kuti stunt ndi kulimba mtima basi. Ayi ndithu, ndi masamu. Mu Steamboat Bill, Jr. ya 1928, khoma lonse lakutsogolo kwa nyumba limagwera Buster Keaton, iye osasuntha. Anapulumuka chifukwa anali atayeza malo enieni pamene zenera lotsegula lidzafikire. Nkhonya ya mufilimu nayo siifika pankhope: kamera amaiika poti mpata usaoneke, womenyedwayo amagwedeza mutu pa nthawi yake, phokoso amadzaliika pambuyo. Wogwa kuchokera pamwamba amafikira pa matiresi a mpweya kapena pa makatoni opanda kanthu osanjikizana. Ndiye tangoganizani, katoni imene ikanathandiza pansi ine ndinali nditainyamula paphewa.

Choncho kugwa kulikonse kuli ndi anthu awiri: wogwayo, ndi amene wanena kuti dumpha. Wachiwiriyu ayenera kuyeza, kuyeserera, ngakhale kukana kumene. Wogwayo nthawi zambiri amabisa nkhope kuti ulemu upite kwa mwini filimu. Mwina n'chifukwa chake a Oscar anachedwa chonchi: mu 2025 ndi pamene analengeza mphoto ya okonza ma stunt, yoyamba kuperekedwa mu 2028.

Mng'ono wanga nkhaniyi amaiseka. Akamwa pang'ono amauza anzake kuti, "Achimwenewa anandilemba ntchito, malipiro mpaka pano sindinalandire." Ine ndimaseka nawo, koma mkonowo sindiuyang'ana.

Masiku ano filimu ikatha sindidzuka msanga. Ndimadikira mayina a anthu a stunt adutse, n'kuwawerenga limodzilimodzi.