Mkulu wa nyumba khumi akuphunzira kudzigwira

Lolemba
Mwezi watha anansi anandisankha kukhala mkulu wa nyumba khumi kuno ku dera la Francisco Manyanga, mumzinda wa Tete. Ndi udindo wapansi penipeni: pamwamba panga pali mkulu wa quarteirão (mdadada wa nyumba), kenako sekeretale wa bairro (dera lonse). Ntchito yanga ndi kudziwa okhala pakhomo lililonse, kuchitira umboni wofuna kalata ya bairro, kumemeza anthu kusesa ndi kumva milandu ing'onoing'ono isanakwere. Amayi amene anandisiyira udindowu anangondiuza kuti: "Mwanangu, mwa nyumba khumizo yoyamba ndi yako. Uyambire pamenepo."

Lachinayi
Dzulo madzulo anafika alamu anga, mwendo wa mbuzi uli m'pepala. Mlandu wawo ndiumva mawa: madzi ochapira ochokera pakhomo pawo amakadikha pakhomo pa mayi wina wamasiye, ana n'kumapondamo. Nyamayo inali yonona, ndipo kwathu tatha masiku tikudyera masamba. Ana anga anaima pakhomo, maso ali papepalapo. Ndinati, "Alamu, zikomo, koma mubwere nayo mlandu ukatha, tidzadyere limodzi." Anachoka nkhope ili gwa, osatsanzika. Usiku tulo sitinabwere msanga. Chibale ndi chinthu chowawa kuchiika pambali, ngakhale kwa masiku awiri okha.

Lachisanu
Pamlandu chovuta chinali lilime langa. Ndimayankhula msanga, ndipo chigamulo ndinali nacho kale m'mutu. Ndinadzikakamiza kukhala chete mpaka onse awiri atamaliza. M'kukhala cheteko ndi mmene zinatulukira zoti ngalande yakale inatsekedwa ndi mpanda wa nyumba yachitatu, ine osadziwa. Tagwirizana kuti nyumba zitatuzo zikumbe dzenje la madzi akuda pamodzi.

Loweruka
Okutobala wa ku Tete sachita masewera. Masana kutentha kumadutsa madigiri 40, choncho kusesa timayamba 5 koloko m'mawa. Ndazindikira kuti anthu sasunga ola limene ndalengeza, amasuzumira pachipata changa. Ndikatuluka ndi tsache, nawonso amatuluka. Kudzuka koteroko kumayambira usiku: foni pansi, kucheza kwa pamsewu n'kukusiya kukadakoma. Alamu anabwera ndi khasu, koma sanandilonjere.

Lamulungu
Dzina la dera lathu limandilemera. Francisco Manyanga anali mmodzi mwa atsogoleri a asilikali a Frelimo m'chigawo cha Tete, kumene nkhondo yaufulu inakolera kuyambira 1968, ndipo anamwalira ufulu wa 1975 asanauone. Iye anatsogolera anthu m'thengo, moyo uli pachiswe. Ine ndapatsidwa makomo khumi ndi ngalande. Komabe ndikhulupirira kuti pang'ono pomwepa munthu sangalamule anzake chimene iye akulephera kudzilamula. Mphamvu yokakamiza aliyense ndilibe. Chimene ndili nacho ndi chakuti mayi wamasiye uja akabweranso ndi dandaulo, adzadziwa kuti khutu langa silinagulidwe.

Sabata ino ndiyamba kulemba m'kabuku ndalama zachipepeso zimene timasonkha pamaliro, metikali iliyonse, ndipo kabukuko kazikhala poti aliyense angakatsegule. Ndikapitanso kwa alamu ndekha kukawapatsa moni.