Wolemba za Magemu Ayambire Pati?

Mai wina wa ku Manjawira adatiimitsa tsiku lina tili pafupi kukwera njinga yamoto kubwerera kwathu. Adagwada mwaulemu nati: "Bambo, mundilankhulireko mwana wanga. Mayeso a Fomu 4 wakhoza bwino. Anzake akufunsira malo ku sukulu za uphunzitsi ndi za unamwino, koma iye akuti adzakhala mtolankhani wa magemu. Kodi nsima idatulukapo m'kanema?" Ife tidavomera msanga, poti tinkayesa kuti ntchitoyo njopepuka: kumkhazika pansi mnyamatayo, kumuuza kuti zachibwana zili ndi nthaŵi yake, basi nkhani yatha. Papita miyezi ingapo tsopano, ndipo tiyenera kuvomera kuti mau amene tidaakonza tsiku lija sitidaŵanene.

Tidaganiza zoyamba taona malo amene mnyamatayo amaswera. Manjawira ali pa mseu wa M1, pakati pa Chingeni ndi Zalewa, ndipo kuseri kwa magolosale kuli kanyumba kamene anyamata amasonkhanamo. M'kati muli mabenchi aŵiri, wailesi yakanema pa tebulo, makina a PlayStation, ndi batire la galimoto lodikira nthaŵi imene magetsi azime. Mapadi, ndiye timakina togwira m'manja poseŵera, ngomangamanga ndi tepi ngati mwendo wothyoka. Aŵiri amaseŵera, khumi amaonerera ndi kulangiza mofuula. Onse mpira wao amautcha FIFA, ngakhale eni ake a EA Sports adaleka dzina limeneli mu 2023 nkuyamba kuutcha EA Sports FC. Mnyamata wathu sadali pa padi ai. Adaakhala pa ngodya, kope lili pa bondo, akulemba.

Funso la mai uja kwenikweni linali lakuti kodi ntchito yotere ilikodi pansi pano. Iliko, ndipo njakale kupambana ife amene tikulemba pano. Mu 1979 ku America, Bill Kunkel ndi Arnie Katz adayamba kulemba tsamba lotchedwa Arcade Alley m'magazini ya Video. Mu 1981 aŵiriŵa pamodzi ndi Joyce Worley adayambitsa Electronic Games, magazini ya magemu okhaokha, ndipo chaka chomwecho ku Britain kudatuluka Computer and Video Games. Ku Japan, Famitsu idayamba mu 1986. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amapita kukafuna ntchito, NAG idayamba mu 1998. Chimene chidatigwira mtima pa mbiri imeneyi nchakuti oyamba aja sadatuluke m'sukulu ya magemu, poti kunalibe. Katz ndi Worley adaazoloŵera kale kulemba m'timanyuzi timene anthu okonda nthano za sayansi ankadzisindikizira okha nkumatumizirana. Dzanja lidayamba lakhwima pa kulemba, magemu nkubwera pambuyo.

Komabe mai uja sadalakwe kuda nkhaŵa. Nintendo Power, imene idayamba mu 1988, idatsekedwa mu 2012. NAG idaleka kutuluka mwezi ndi mwezi pa pepala mu 2015. Game Informer, itatha zaka 33, idatsekedwa mwadzidzidzi mu Ogasiti 2024, ndipo idadzuka mu 2025 chifukwa choti kampani ina idaigula. Oŵerenga adasamukira pa intaneti ndi pa YouTube, kumene adazoloŵera kulandira nkhani osalipira. Tsono ngati zinthu zili choncho kumene magemu amapangidwa, nanji kuno? Manyuzipepala athu ali ndi masamba a ndale, a mpira, a zoimbaimba, koma mkonzi amene angalipire munthu mwezi ndi mwezi chifukwa cholemba za magemu okha ngosoŵa. Nchifukwa chake tidamuuza mnyamatayo mosabisa kuti aphunzire utolankhani wonse wathunthu. Ku Blantyre kuli Malawi Institute of Journalism, kulinso MUBAS, imene tinkaitcha Polytechnic mpaka 2021. Munthu wodziŵa kulemba za mtengo wa feteleza ndi za mlandu wa ku khoti angathe kulemba za magemu madzulo, ali wokhuta. Wodziŵa za magemu zokha adzalemba ndi njala, ndipo njala imakhotetsa cholembera.

Pambuyo pake tidapempha kope lija. Masamba ambiri anali a Chingerezi, onena za magemu atsopano otuluka kunja, amene mwiniwakeyo sadaŵagwirepo nkamodzi komwe. Ankatolatola zimene ena adalemba, poŵerenga pa foni masiku amene wapeza ya bandulo, nkuzisanja mwatsopano. Chingerezicho sichinali choipa. Koma nthenda imeneyi tidaizindikira msanga, pakuti ifenso tidadwalapo. Pamene tinkaphunzira kulemba ku seminale, nkhani zathu zoyamba zinkadzaza ndi mau otapa m'mabuku akuluakulu, ndipo mphunzitsi wathu ankangolemba m'mbali ndi inki yofiira kufunsa chimene ife eni ake tidaona ndi maso athu. Zinkatiŵaŵa, koma ankanena zoona.

Chakumapeto kwa kopelo kunali masamba aŵiri a Chicheŵa, amene mnyamatayo adafuna kuŵaphimba ndi dzanja. Adaalemba za kamwana ka Sitandade 6 kamene kankatapa chimanga m'nkhokwe ya agogo ake, mbale imodzi lero, ina maŵa, nkukagulitsa pa msika kuti kapeze ndalama yoseŵerera. Adaalemba za gogoyo, m'mene adaimira pa khomo la kanyumba kaja mwezi wa Januwale, nkhokwe itatsika nthaŵi isanakwane, osaloŵa, osakalipa, kungoyang'ana. Adaalembanso kuti kamwanako m'kalasi sikatsegula pakamwa, aphunzitsi amakayesa kogona, koma pa benchi paja kamagonjetsa anyamata a ku sekondale, ndipo iwo amakapatsa malo ngati mfumu. Wolembayo sadakadzudzule, sadakayamikirenso. Adangotiwonetsa. Tidaŵerenga kaŵiri, ndipo tidadziŵa kuti sitingathenso kumuuza kuti ataye kopelo.

Apa mpamene pali chiyambi cha ntchito imeneyi kwa mwana wa ku Manjawira. Mtolankhani wa ku London amalandira gemu isanafike nkomwe m'sitolo. Kupikisana naye pa liŵiro nkuthamangitsa mphepo. Koma iyeyo sadziŵa amene amabwera ndi makina ameneŵa pa basi kuchokera ku Johannesburg, ndi njira zimene amadzera. Sadziŵa amene amakonza padi ikafa, ngakhale ndalama zimene mwini kanyumba amatsala nazo akachotsapo ya lendi ndi yotchajitsa batire. Sadafunsepo chifukwa chake pa mabenchi aja sipakhala mtsikana ndi mmodzi yemwe, chonsecho atsikana omwewo amaseŵera magemu pa foni kunyumba. Mafunso ameneŵa ali pa mtunda wa mapazi makumi aŵiri kuchokera pamene mnyamata wathu amakhala, ndipo safuna bandulo. Afuna munthu wodziŵa kupereka moni, kukhala pansi, kufunsa, ndi kudikira yankho osalikonzera mwiniwake.

Za chilankhulo tidakangana naye pang'ono. Iye ankati Chicheŵa chilibe mau a zinthu zimenezi. Ife tidamkumbutsa kuti aulutsi a mpira pa wailesi ya MBC adationetsa kalekale kuti Chicheŵa chimatha kuthamanga ndi mpira osapunthwa, ndipo kuti anyamata a m'kanyumba kaja salankhula Chingerezi akamanyozana pa chigoli. Mau alipo kale pakamwa pao; chosoŵa ndi wolemba. Alembe m'zilankhulo zonse ziŵiri, inde, poti Chingerezi nchimene chidzamtsekulire zitseko za akonzi akutali. Koma asaiŵale kuti chimene chidatigwetsa m'kope lake chinali cha Chicheŵa. Pano tiloleni tipatuke pang'ono. Pansi pa mitengo ya m'misika yathu, madoda akhala akuseŵera bawo kuyambira makolo athu. Panali akatswiri amene mbiri yao inkamveka midzi ingapo, odziŵa kuŵerengera nkhomo zambiri m'mutu asanagwire ndi imodzi yomwe. Ambiri adapita ndi nzeru zao ku manda, popeza panalibe munthu wokhala pa ngodya ndi kope. Mai uja adatiuza yekha kuti bambo ake anali mmodzi wa iwo, ndipo kuti mai ake ankadandaula za bawo monga momwe iye akudandaulira za magemu lero.

Chovuta chenicheni cha ntchito imeneyi si kulemba ai, koma kunena zoona za munthu amene akukudyetsa. Mu Novembala 2007, Jeff Gerstmann, mkonzi wa GameSpot ku America, adachotsedwa ntchito atangolemba kuti gemu yotchedwa Kane & Lynch: Dead Men njosakoma kwenikweni, naipatsa 6 pa 10. Eni gemuyo anali atalipira ndalama zotsatsira malonda ao pa masamba a GameSpot pomwepo. Mu 2012 Gerstmann adafotokoza poyera kuti mabwana ake adagonjera madandaulo a otsatsa malonda. Iye ndi anzake adayambitsa Giant Bomb mu 2008, ndipo oŵerenga ambiri adamtsata. Nkhani imeneyi tidamsimbira mnyamata wathu, iye nkuseka, nati za ku America nzakutali. Tsono tidamfunsa kuti kodi amalipira zingati akafuna kuseŵera. Adayang'ana pansi. Mwini kanyumba uja ankamlola kuseŵera ulere, chifukwa mnyamatayo ankalemba pa Facebook zoitanira anzake kumeneko. "Nanga ana ovala yunifomu aja, amene timaŵapeza muno nthaŵi ya sukulu, udzalemba za iwo?" Sadayankhe tsiku limenelo.

Tidamuuzanso kuti kuseri kwa gemu iliyonse kuli anthu ogwira ntchito, ndipo nawonso ndi nkhani. Jason Schreier adatchuka osati chifukwa chodziŵa kuseŵera, koma chifukwa chofufuza m'mene opanga magemu amagwirira ntchito usana ndi usiku gemu ikayandikira kutuluka. Buku lake la Blood, Sweat, and Pixels lidatuluka mu 2017. Ndipo opanga magemu sali kutsidya kwa nyanja kokha. Ku Cameroon, kampani ya Kiro'o Games idatulutsa Aurion mu 2016. Ku Johannesburg, achinyamata a Nyamakop adatulutsa Semblance mu 2018, ndipo idafika mpaka pa makina a Nintendo Switch. Anthu otere amayankha kalata ya wolemba wosadziŵika msanga kupambana makampani akuluakulu, makamaka kalatayo ikakhala ndi mafunso asanu olongosoka ndi nkhani ziŵiri kapena zitatu zoonetsa kuti wofunsayo amatha kulemba. Mkonzi aliyense, wa ku Blantyre kaya wa kwina, asanafunse za satifiketi amayamba wafunsa chimene munthu walemba kale.

Tidabwerera kwa mai uja ndi yankho limene sadaliyembekeze. Tidati mwanayo afunsire malo ku sukulu ya utolankhani, ndipo pamene akudikira azithandiza ku munda m'maŵa, madzulo nkumalemba nkhani imodzi pa mlungu, yoona ndi maso ake. Tidati sitingalonjeze kuti magemu adzamdyetsa. Maiyo adakhala chete nthaŵi yaitali, kenaka adati: "Ndamva, Bambo. Koma ndinkayesa kuti mukhala mbali yanga." Mau ameneŵa tikuŵamvabe mpaka lero, ndipo sitinganene kuti analibe chifukwa. Ndiye amene adagulitsa mbuzi kuti mwanayo amalize Fomu 4.

Mlungu wathawu tidadzeranso ku Manjawira. Mnyamata uja adatipatsa masamba anai olembedwa bwino, onena za ana a sukulu opezeka m'kanyumba kaja m'maŵa. Adaafunsa ana atatu osaŵatchula maina, adaafunsa mphunzitsi mmodzi, adaafunsanso mwini kanyumbayo, nalemba yankho lake lonse monga momwe adanenera, lakuti iye si mlonda wa ana a eni ake ndipo lendi siidikira kuti sukulu iŵeruke. Nkhaniyo itaŵerengedwa pa mafoni a pa msikapo, mwini kanyumba adamuuza kuti za ulere zatha. Tsopano akafuna kugwira padi amalipira monga wina aliyense, ndipo poti ndalama alibe, masiku ambiri amangokhala pa ngodya paja ndi kope lake.