Za Kukweza Galimoto Yoyenda M'tchire

Anthu amene amadza ku galaja kwanga kuno ku Liwonde ndi Hilux kapena Land Cruiser kuti ndiwakwezere, kawirikawiri amayamba ndi kutchula msinkhu umene mtima wawo ukhumba, koma ine, popeza safunsa anadya phula, ndimayamba ndi kuwafunsa kuti, "Kodi bambo, galimotoyi imasenza chiyani tsiku ndi tsiku, ndipo imapita kuti?" Pakuti sipuling'i amaisankha poyesa katundu amene adzagona pa iyo, ndipo kutalika kumadza pambuyo.

Munthu amene amadzera ku Ntaja kulowera ku Nayuchi ndi ku madambo a Chilwa, nabwerako ndi matumba a mpunga a makilogalamu 50 odzaza kumbuyo, ayenera masipuling'i a zitsulo zosanjikiza zambiri ndi zochindikala, kuti galimoto ikalemedwa isagwade. Koma masipuling'i omwewo mukawaika pa galimoto yonyamula alendo anayi m'nkhalango ya Liwonde, imene kumbuyo kwake kumakhala kopanda kanthu, idzanjanja pa msewu wa mabampu kufikira misana ya anthu itawawa, ndipo matayala, posakhazikika pansi, adzaterereka pokhota. Kutsogolo nakonso, ngati mwiniwake anamangako chitsulo chotchinga ndi winchi, ndimaika masipuling'i opotana olimbirapo, apo ayi mphuno idzazolika.

Za msinkhu, sindikonda kupitirira mamilimita 50. Mukapitirira apo, mashoko akale amafupika, mapaipi a mabuleki amakokeka, ndipo pa Hilux ma CV joint amagwira ntchito atapendekeka, nang'amba mphira zawo msanga. Tsono chimene chimandiwawa mtima ndi ichi, chakuti galimoto yokwezedwa mopitirira, itasenza katundu padenga, imayepa pa makona otsikira kuchokera ku Machinga, pamene m'katimo muli ana a anthu. Ndiponso ambiri sadziwa kuti sipuling'i imakweza thupi lokha. Difu yakumbuyo imatsala pomwe inali, ndipo m'matope a makande a ku Utale, mvula ya Januwale ikakhazikika, difuyo ndiyo imakhala pansi matayala nkumazungulira pachabe. Chokweza difu ndi tayala lalikulu basi.

Ndisanamasule bawuti iliyonse, ndimaimika galimoto pamalo osalala, katundu wake wa masiku onse ali momwemo, ndi kuyesa mbali zonse zinayi kuchokera pakati pa gudumu kufikira m'mphepete mwa thupi, pakuti masipuling'i otopa amabisa msinkhu weniweni. Ma U-bolt akale sindibwezerapo, ngakhale mwiniwake adandaule za mtengo. Mabushi ndimawamanga kotheratu galimoto itatsika pa jeke, itaima ndi kulemera kwake, kuti mphira isapotoke. Eni galimoto akayenda sabata imodzi ndimawapempha abwerenso, chifukwa zitsulo zatsopano zikakhazikika ma U-bolt amakhwepa, ndipo ndimawamanganso ndi manja anga.