M'mene Ndinamangira Chisakasa Chomwera Pakhomo Panga

Ine ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale pa chilumba cha Likoma. Chilumba chathuchi ndi chaching'ono. Munthu wamphamvu akanyamuka m'mawa ku Makulawe, kumpoto, afika ku Nkhwazi, kumwera, dzuwa lisanafike paliwombo. Pa malo otere palibe chinsinsi. Ukapunthwa madzulo, kukamacha anthu onse amva.

M'chaka cha 2022 ndinauza ana a Sitandade 6 kuti alembe chimangirizo cha zimene anaona Loweruka. Mnyamata wina analemba motere: "Ndinaona aphunzitsi aakulu akuchokera kumowa. Anagwa pamchenga kawiri, ndipo nsapato imodzi anaisiya." Mwanayo sanalakwitse liwu ngakhale limodzi, ndiponso sananame. Ndinamuchongera bwino lomwe, koma cholembera chinali kunjenjemera m'dzanja langa.

Usiku womwewo ndinauza akazi anga kuti ndaleka kupita kumowa, ndipo kuti ndimanga malo anga omwera pakhomo pomwe. Iwo anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Bambo a ana, kodi mufuna kuchotsa manyazi kapena kungowabisa? Mowa ukafika pakhomo, ana adzauona tsiku ndi tsiku." Tinakambirana kufikira usiku ndithu, ndipo tinapangana malamulo anayi. Loyamba, pasagulitsidwe kanthu, pakuti kugulitsa mowa kufuna chiphaso cha boma, ndiponso si ntchito ya mphunzitsi. Lachiwiri, kachasu asalowepo. Lachitatu, mwana asatumidwe kukagula mowa kapena kuutsanulira munthu. Lachinayi, nthawi ikakwana 8 koloko alendo atsazike. Anawonjezanso kuti ndalama ya chakudya ndi ya sukulu ya ana isakhudzidwe.

Tsono ndinachita changu chopusa. M'mwezi wa Epulo ndinadula nthambi za mango, ndi kuzizika pansi, ndi kufolera ndi udzu wochepa umene ndinapempha kwa anzanga. Khomo ndinalilozetsa kumwera, chifukwa ndinafuna kuti tizipenya nyanja pocheza. Masiku atatu okha ntchito inatha, ndipo ndinadzitama. Koma tsoka ilo, mu Julayi mwera unaomba usiku wonse. M'mawa ndinapeza denga langa lili m'munda wa chinangwa wa mnansi wanga, litathyola mitengo yambiri ya chinangwacho. Ndinapepesa ndi kulipira. Pozula nsanamira ndinaona kuti chiswe chinali chitayamba kale kuzidya.

Pamenepo ndinadzichepetsa ndi kupita kwa mkulu wina amene wakhala mmisiri wa zomangamanga chiyambire unyamata wake. Atamva nkhani yanga anaseka, nati, "Aphunzitsi, za m'mabuku muzidziwa, koma mphepo simunaifunse. Mwera umachokera kumwera m'miyezi yozizira, mpoto umabwera ndi mvula kuchokera kumpoto. Inu munatsegulira mwera khomo, ndipo unalowa monga mlendo woitanidwa." Kenaka analoza ku Chipyela, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Maziko ake anaikidwa mu 1903, ndipo chaima zaka zoposa 100. "Amene anamanga chija," anatero mkuluyo, "anayamba aona chimene chilumba chili nacho. Kuno mitengo ya milimo ndi yosowa, malambe sapala matabwa, koma miyala yangoti mbwee. Mangani ndi miyala."

Ulendo wachiwiri ndinayamba ndi pepala. Ndinajambula chisakasa cha mapazi 12 m'litali ndi mapazi 10 m'lifupi. Kumwera ndinaikako khoma la miyala lofika kudenga, kumpoto khoma lofika m'chifuwa, ndipo khomo ndinalilozetsa kumadzulo. Kenaka ndinalemba zonse zofunika: nsanamira 6, nsungwi za phaso, mitolo 40 ya udzu, luzi, misomali, ndi matumba 4 a simenti. Pambali pa chinthu chilichonse ndinalemba mtengo wake ndi ndalama yochinyamulira. Muyenera kudziwa kuti pa chilumba katundu amakwera mtengo chifukwa cha kuwoloka nyanja. Nditawonkhetsa zonse ndinaona kuti sindingazigule mwezi umodzi. Chotero ndinasunga pang'onopang'ono miyezi 8, osakongola kwa munthu.

Mitengo, nsungwi ndi udzu zinabwera pa ngalawa kuchokera kutsidya, ku dera la Cobué m'dziko la Mozambique, kumene mapiri ake timawaona tsiku lililonse. Simenti anachokera ku Nkhata Bay pa sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja ino mu 1951. Simenti akafika musamuike pansi penipeni, koma pamatabwa, m'nyumba yosadontha, pakuti akamva chinyezi amauma gwa ngati mwala. Miyala ndinatuta ndekha madzulo ndikaweruka, ndipo ana a sukulu sindinawagwiritse ntchito imeneyi, popeza inali ya pakhomo panga.

Mkulu uja anandiphunzitsa zinthu zimene ndifuna kuti nanunso muzidziwe. Maziko akumbidwe kufikira mutapeza nthaka yolimba. Posakaniza matope omangira, thirani ndowa imodzi ya simenti pa ndowa 6 za mchenga wopanda zinyalala. Miyala yaikulu ikhale pansi, ndipo mwala uliwonse ugone pa miyala iwiri, kuti mipata isalunjikane. Khoma likatha muzilithirira madzi masiku 7, chifukwa simenti wouma msanga amang'aluka. Nsanamira muziwaule kutsinde ndi kuzipaka oyilo wakutha wa injini kuti chiswe chisazikonde. Denga la udzu likhale lotsetsereka kwambiri, kuti madzi a mvula asakhalitsepo ndi kuoletsa udzu, ndipo phaso limangidwe zolimba ku nsanamira.

M'kati ndinamanga kakhoma kofika m'chiuno, ndipo pamwamba pake ndinagonekapo thabwa lalikulu la ngalawa yakale imene inali kuolera m'mphepete mwa nyanja. Mwini wake anandigulitsa motchipa. Ndinalipala, ndi kulikwecha, ndi kulipaka vanishi, ndipo linakhala tebulo loikapo zikho. Kuseri kwake ndinakhomako alumali wa loko. Firiji ndinalibe, tsono ndinakumba kadzenje pangodya, ndi kuikamo mtsuko waukulu, ndi kuuzinga ndi mchenga wonyowa. Madzi a mumchengawo akamauma amachotsa kutentha, ndipo zakumwa za mumtsuko zimazizira bwino, monga momwe thukuta liziziritsira thupi.

Tsiku lokweza denga ndinaitana anzanga, pakuti mutu umodzi susenza denga. Akazi anga anaphika thobwa la chimanga ndi mawere, ndi nsima ya kondowole ya ndiwo za usipa. Ntchito yonse inatha mu Seputembala 2023. Chaka chotsatira mwera unabweranso ndi ukali wake wonse, koma unangomenya khoma la miyala ndi kupitirira. Tinakhala m'kati tikusewera bawo, nyale osazima.

Koma ndikadakhala wabodza ndikadati zonse zinakoma. Anzanga ena atamva za malamulo anayi aja analeka kubwera, ndipo mmodzi amene tinakulira limodzi anandinena kuti ndikulamulidwa ndi mkazi. Mawuwo anandipweteka. Chinthu china chinandipweteka koposa. Tsiku lina ndinapeza mwana wanga wamng'ono ataima kuseri kwa thabwa lija, akutsanulira anzake madzi m'zitsekerero za mabotolo, ndipo onse anali kudzandira mwadala ndi kuseka. Ndinakumbukira funso la amayi ake. Khoma la miyala linatchinga mwera, koma maso a mwana silinawatchinge. Zoonadi mawu a akulu akoma akagonera, ndipo pa nkhani iyi wamkulu anali mayi wa ana anga.

Kuyambira tsiku limenelo mowa umatuluka mu alumali Loweruka lokha, ndipo munthu sapitirira mabotolo awiri. Masiku ena onse pathabwa paja pamakhala thobwa kapena tiyi. Asodzi amabwera kudzasoka maukonde pamthunzi, amayi amachitirapo misonkhano yawo, ndipo akuluakulu ena amene akuphunzira kuwerenga amabwera ndi mabuku awo kuti ndiwathandize. Alendo achuluka kuposa kale, ngakhale mowa wachepa.

Tsono inu anzanga amene mufuna kumanga malo otere, yambani mwafunsa kumene mphepo ichokera, lembani mtengo wa zonse musanagule msomali, ndipo mangani ndi zimene dera lanu lili nazo. Koposa zonse, panganani ndi a m'nyumba mwanu za zimene zidzachitikamo, maziko asanakumbidwe. Mnyamata uja anapita ku sekondale, koma chimangirizo chake ndinachisunga. Chili mu alumali, pambali pa zikho, ndipo Loweruka lililonse ndikatsegula ndimayamba kuona icho.